A Zomata ndi Silinda ya Achemwali Awo

Pa kampu ya asilikali a ndege pali shedi yaikulu ya malata mmene katundu yense amadikirira asanakwezedwe. Pakona ya shediyo pali tebulo lachitsulo lofupika mwendo umodzi, lochirikizidwa ndi katoni yopindapinda, ndipo pa tebulo limenelo ndi pamene a Zomata atha zaka makumi awiri ndi zinayi za moyo wawo. Musawayese msilikali, ayi. Mfuti sanaigwirepo, ndipo atati ayese kuguba akhoza kugwetsa mzere wonse. Ntchito yawo ndi kumata zizindikiro pa katundu woopsa, timapepala tija tangodya zinayi toima pa nsonga, kuti okweza ndege adziwe choti chikhale pati. Dzina lenileni ali nalo pa chiphaso, koma ngakhale mkazi wawo akapsa mtima amati, "Inu a Zomata inu!"

Poyamba anabwera kudzasesa. Tsiku lina kopolo amene ankamata zizindikirozo anathyoka mkono ku mpira, ndiye wosesa anapemphedwa kuti agwirizire kwa sabata imodzi yokha. Sabata imodziyo ndi yomweyi mpaka lero. Dzanja lawo linali lowongoka, pepala silinkachita makwinya kapena kupendama, basi mabwana anawatumiza ku maphunziro a masabata awiri. Mphunzitsi wake ankalankhula chizungu cha m'mphuno, mofulumira ngati wasiya mphika pamoto. A Zomata anabwerako ndi satifiketi komanso mutu waching'alang'ala.

Buku la malamulo a katundu woopsa limalemera ngati njerwa ziwiri, ndipo chaka chilichonse kumabwera latsopano lotsutsana pang'ono ndi lakale. Tinene zoona, a Zomata bukulo sanalimvetsepo. Amalilemekeza, amalipukuta fumbi m'mawa uliwonse, koma kulimvetsa ayi. Choncho anadzipangira njira yawoyawo: zizindikiro zonse anazisandutsa abale a banja limodzi losamvana. Chofiira, cha petulo ndi penti, ndi mlamu wamtima wapachala amene sachedwa kuyaka. Chachikasu ndi apongozi. Paokha sayaka, koma akangokhala pafupi ndi mlamu amasonkhezera mpaka nyumba yonse ipse. Chobiriwira ndi azakhali ofatsa, okhala m'botolo mwawo phee, bola osawagwetsa. Cha mtundu wa lalanje, cha zipolopolo ndi mabomba, ndi msuweni wotuluka kundende amene aliyense amamupatsa moni ali patali. Kwa iwo ntchito yonse ndi kukonza pokhala anthu pa phwando kuti odana asayandikane. Mayeso amabwera zaka ziwiri zilizonse, ndipo iwo amakhoza ndi abale omwewa, akunong'ona okha pa desiki mpaka woyang'anira kuwayang'ana kawiri.

Koma zozunguza mutu sizitha, abale. Bokosi la zipolopolo limakwera bwinobwino ndi mapepala ake, pomwe mafuta onunkhira a mkazi wa bwana wina anabwezedwa pakhomo, ati nawonso ndi mlamu. Silinda ya gasi yopanda kanthu, buku limati ili ndi kanthu. Batire ikakhala m'wailesi ndi munthu wabwino, ikatuluka panja ndi chigawenga. Tsiku lina anauzidwa kuti amate chizindikiro pa masipika a kwaya ya pakampu, chifukwa ati maginito ake akhoza kusokoneza ndege njira.

"Masipika oimbira Mulungu asocheretse ndege?" anafunsa a Zomata.

"Buku latero, madala," anayankha Sajeni.

Sajeni ameneyu ndi amene amayang'anira kukweza katundu ndipo amauluka naye limodzi. Anthu amamutcha Sizitheka, chifukwa ngakhale mutamupempha machesi, mawu ake oyamba ndi omwewo. Si munthu woipa ayi. Amayamba wakana, kenako n'kumaganiza.

Matenda a bukuli anawatsatira a Zomata mpaka kunyumba. Palafini amagona kuseri, machesi pamwamba pa kabati ya kuchipinda, mankhwala oyeretsera zovala m'chidebe chawochawo pansi pa sinki. Mkazi wawo, amene anthu amamutcha Amake Mapasa, amakolopa pa kachipatala ka dokotala wina m'tauni, ndipo pakamwa pake sipagona mawu. "Anzanga amuna awo amabisa zibwenzi," amatero akufunafuna machesi m'mawa, "wanga amabisa machesi. Kodi ine ndinalakwanji?" A Zomata amangoseka, chifukwa atafunsidwa kuti palafini ndi machesi zinayamba zadziyatsa zokha liti, sakanayankha.

Chinanso chimene anthu sakhulupirira n'chakuti m'zaka zonsezo a Zomata anali asanakwerepo ndege. M'mimba mwa ndege analowamo kambirimbiri, ili chiimire, kukaona ngati katundu wakhala bwino. Injini ikangoyamba kulira, iwo amatsika, n'kutseka makutu ndi zala.

A Zomata ali ndi achemwali amodzi okha. Mayi awo anamwalira iwo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo achemwaliwo anasiya sukulu kuti awalere. Ndi amene ankawakhula zidendene ndi mwala, kuwasokerera kabudula, ndi kukamenyana ndi anyamata amene ankawaseka chibwibwi. Mpaka lero a Zomata ali ndi imvi, koma achemwali amangoti "iwe mwana." Anagwira ntchito yophika pa sukulu yogonera konko kwa zaka makumi atatu, pa nkhuni zaziwisi, m'khitchini yopanda zenera, ndipo utsi unawadya chifuwa pang'onopang'ono. Amakhala ndi mwana wawo wamkazi m'katauni ka kutsidya kwa mtsinje, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi.

Chaka chimenecho mvula inagwa masiku asanu ndi anayi osapuma. Mlatho unapita ndi madzi, mapolo a magetsi anagwa, katauniko kanatsala pakati pa madzi. Lolemba m'mawa foni ya a Zomata inalira ali pa tebulo lawo. Anali mwana wa achemwali uja.

"Amalume, amayi agonekedwa. Akubanika. Makina opumira sakugwira chifukwa kulibe magetsi, ndipo masilinda a okosijeni atha dzulo. Anamwino akuti pokhapokha atapezeka mpweya."

"Akulankhula?"

"Pang'onopang'ono. Akungoti, muuzeni mwana uja abwere."

A Zomata anakhala pansi pa bokosi la mabatire, chinthu chimene sachita. Mantha anawagwira kwambiri moti anaiwala kudula foni.

Amene anayamba kuganiza ndi Amake Mapasa. Madzulo omwewo anagwada pamaso pa dokotala wa kuntchito kwake, ndipo dokotalayo anawabwereka silinda imodzi yaikulu ya okosijeni, yofika pachifuwa cha munthu, ndi kapaipi kake ndi chovala kumphuno. Anati akaigwiritsa ntchito mosamala ikhoza kutha masiku atatu, mwina magetsi n'kukhala atabwera. A Zomata nawo anavala jekete la kutchalitchi n'kukagogoda kwa bwana wamkulu wa pakampu. Lachitatu kunali ndege yaing'ono yopita kutsidyako ndi migolo khumi ndi iwiri ya petulo wa maboti opulumutsa anthu. Bwanayo anamva kuti munthuyu watumikira zaka makumi awiri ndi zinayi osapemphapo kanthu, anasaina kapepala: munthu mmodzi ndi katundu wake.

Lachitatu m'mawa Amake Mapasa anakulunga silinda m'bulangete lakale, n'kuimanga ndi zingwe zoyanikira zovala mpaka inaoneka ngati matiresi opinda. Mnansi wawo anawanyamula pa kagalimoto kake mpaka pageti la kampu.

"Tamverani, bambo a mapasa," anatero mayiyo akuwakonza kolala. "Pepala likuti inu ndi katundu wanu. Uyu ndi katundu wanu. Wina akafunsa, ndi zofunda za wodwala. Musatsegule pakamwa, musatsegule buku. Mwamva?"

"Ndamva."

"Mwamvadi?"

"Ndati ndamva, amayi."

Amake Mapasa anatsala pageti, poti anthu wamba salowa, ndipo anati sachoka mpaka ataona ndege m'mwamba.

Ndege inali yonyamuka teni koloko. A Zomata anaimika mtolo wawo pambali pa tebulo, n'kuyamba ntchito, chifukwa ngakhale anali wapaulendo, migolo ija inkadikira dzanja lawo. Anamata chofiira pa mgolo woyamba, n'kusisita ndi chikhatho. Wachiwiri, wachitatu. Maganizo anali kutsidya. Ankaona achemwali ali gone pa bedi lachitsulo, ankakonza zoti akawauze, ankadzifunsa ngati m'ndege munthu amasanza. Kagalimoto konyamula katundu kankabwera kudzatenga migolo iwiriiwiri. Atamata wa khumi ndi chiwiri anatembenuka, ndipo patsogolo pawo panali silinda. Bulangete linali litatsetsereka, phewa lachitsulo lili pamtunda.

Mukudziwa mmene munthu amakhomera chitseko potuluka, kenako n'kumadzifunsa panjira ngati wakhoma? Zinachitika choncho. Dzanja linapita lokha m'kabati ya tebulo. Okosijeni amavala zizindikiro ziwiri, chobiriwira ndi chachikasu, ndipo dzanjalo linali litachita zimenezo kwa zaka zambirimbiri. Linamata chobiriwira, linamata chachikasu pambali pake, mowongoka bwino, n'kusisita ndi chikhatho kawiri. A Zomata anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti aone ngati zakhala bwino, ndipo ndi pamene anaona kuti Sajeni waima pambali pawo, naye akuyang'ana.

"Madala, chimenechi chikukwera ndege yanga?"

A Zomata anayang'ana silinda, anayang'ana dzanja lawo. Mutu unaima.

"Ndi zofunda za wodwala," anatero ndi mawu ang'onoang'ono.

"Zofunda zovala chachikasu?"

"Sajeni, ndi mpweya chabe. Wopumira. Womwewu tikupuma ine ndi inuwu."

"Nanga mwamatiranji chachikasu?"

A Zomata anatsegula pakamwa, ndipo munatuluka mawu okhawo amene anali m'menemo. "Buku latero."

"Ndiye sizitheka," anatero Sajeni, koma sanawayang'ane kumaso. "Inuyo mukudziwa kuposa ine. Chachikasu ndi chofiira, pakati pake mamita awiri. Ndegeyi ndi yaing'ono, migolo yadzaza kuyambira kuchitseko cha kumbuyo mpaka pafupi ndi mipando. Mamita awiri ndiwatenga kuti? Pitani ku ofesi ya maulendo, mwina iwo ali ndi nzeru."

Inali itangodutsa hafu pasiti eyiti. Ku ofesi ya maulendo kalaliki anawerenga kapepala ka bwana wamkulu, anakatembenuza, n'kunena kuti mpweya wa odwala ndi nkhani ya a zachipatala. Ku chipatala cha pakampu anati iwo okosijeni wawo akwera ndege ya Lachitatu la sabata ya mawa, imene sidzanyamula petulo, ndipo silinda iyi si yawo, ndi katundu wa munthu, abwerere ku maulendo. Ku maulendo kalaliki yemwe uja anati ngati ndi katundu wa munthu, ndiye kuti si katundu woopsa. A Zomata mtima unatsika pang'ono. Koma, anapitiriza kalalikiyo, ngati ali ndi chizindikiro ndiye kuti ndi woopsa, ndipo pafunika fomu yosainidwa ndi munthu wa satifiketi.

"Wa satifiketiyo ndine," anatero a Zomata.

"Ndiye sainani."

"Koma katunduyo ndi wanga."

"Aa, ndiye simungasaine. Mwini katundu sadzisainira."

"Nanga asaine ndani?"

"Wa satifiketi."

Anatuluka akutuluka thukuta m'jekete la kutchalitchi. Pakhonde anakumana ndi msilikali woyang'anira za chithandizo cha anthu a m'madzi, ndipo anamupempha kuti atsitseko migolo iwiri yokha kuti mpata upezeke. Msilikaliyo sanakalipe. Anangoti mgolo umodzi ndi boti limodzi tsiku lathunthu, ndipo kutsidyako kuli anthu amene agona pa madenga masiku anayi, ena ndi makanda. "Mundiuze nokha, madala, nditsitse uti?" A Zomata anathamangira kwa bwana wamkulu, amene yekha akhoza kulola kuti lamulo lipumule tsiku limodzi, koma anapeza chitseko chokhoma. Bwana anali atapita ku msonkhano wa za madzi omwewo, ndipo foni yake inkangolira.

Foni imene inayankhidwa ndi yawo. Anali Amake Mapasa ali pageti.

"Mwakwera?"

"Pali kavuto pang'ono. Silinda ija yamatidwa."

"Yamatidwa? Wamata ndani?"

"Ineyo."

"Mayo ine! Inu a Zomata inu! Ndakulunga ndekha, ndamanga ndekha, ndakuuzani kawiri ngati mwana, inu n'kukadziwulula nokha? Pakampu ponsepo palibe akanadziwa! Matulani! Amene wamata ndi yemweyo amamatula. Achemwali anu akubanika uko, inu mukukongoletsa chitsulo!"

Anabwerera kushedi nthawi itakwana hafu pasiti naini. Silinda inali pomwe paja, bulangete lili m'miyendo mwake. Sajeni anawaona nkhope. Anakanda kumutu, anayang'ana kudenga, kenako anati, "Madala, ine ndikukamwa madzi. Ndichedwako pang'ono. Ndikabwera ndiona zimene maso anga aone, ndipo za m'mawa ine ndimaiwala msanga." Anatuluka, n'kukoka chitseko.

A Zomata analowetsa chikhadabo pansi pa ngodya ya chachikasu. Ngodya inadzuka pang'ono. Kungokoka kamodzi, kukulunganso bulangete, basi, iwo ndi mpweya akafika kwa achemwali dzuwa lisanafike pamutu.

Ndiye anaima pomwepo, chikhadabo chili pansi pa pepala, osadziwa. Zaka makumi awiri ndi zinayi sanaonepo chinthu chikuyaka m'ndege, ngakhale kautsi. Kodi n'chifukwa choti lamulo limagwira ntchito, kapena n'chifukwa choti palibe chimene chikanayaka n'kale? Amene analemba mamita awiri anayeza pa chiyani? Bwanji osati mita imodzi ndi theka? Mwina anangolota. Mwinanso analemba atatola mafupa a anthu. Silindayi yagona m'nyumba mwawo masiku awiri, yakwera kagalimoto kogwedera, sinalakwire munthu. Koma migolo ya petulo imatuluka kafungo ndege ikakwera, zimenezo anamva Sajeni akunena, ndipo pakamwa pa silinda pakhoza kumatuluka mpweya osamveka. Sajeni ali ndi ana atatu, wotsiriza sanayambe kuyenda. Woyendetsa ndege nayenso ali ndi kwawo. A Zomata sankadziwa ngati akuopa moto weniweni kapena akuopa buku, ndipo kusadziwako kunawakwiyitsa mpaka misozi inalengeza. Akanakhala munthu wosadziwa kanthu akanakwera ndi mtima woyera. Akanakhala wodziwa zonse akanadziwa chochita. Iwo anali pakati.

Sajeni atabwera anapeza chachikasu chili pomwepo, ngodya yake itasisitidwanso bwinobwino ndi chala chachikulu.

"Aa, madala," anatero, ndipo sizinadziwike ngati akuwadandaula kapena akuwathokoza.

Nthawi yomweyo analowa Kaputeni woyendetsa ndegeyo, mayi wachitsikana wamfupi, chipewa chili m'khwapa, kudzafunsa chimene chikuchedwetsa mapepala. Sajeni anafotokoza mwachidule. Kaputeni anayang'ana silinda, anayang'ana bambo wa jekete lonyowa ndi thukuta, n'kufunsa kuti wodwalayo ndi ndani wawo.

"Achemwali anga, bwana. Ndi amene anandilera."

"Tengani tepi, bambo. Tiyeni tikayeze, tisamangolankhula."

Analowa m'ndege atatu. Migolo inali itamangidwa ndi malamba, ukonde pamwamba. Kutsogolo kwake kunali kampata, kenako khoma la chipinda cha oyendetsa, ndipo pakhomalo panali mipando iwiri yansalu yopinda, wina wa Sajeni, wina wa mlendo. A Zomata anagwira mutu wa tepi pa mgolo wakutsogolo, Kaputeni n'kumakoka. Pakati pa kampatako, mita imodzi. Pamiyendo ya mipando, mita ndi theka. Anayesa chopingasa, anayesa pakona, sizinakwane. Kenako Kaputeni anapinda mpando wa mlendo n'kufikitsa tepi pakhoma penipeni.

"Mamita awiri ndi kachidutswa," anatero. "Ikaima apa, yomangidwa kukhoma, ndisaina ine ndipo Sajeni, poti satifiketi ali nayo nayenso, asaina fomu. Koma mpandowu sungatsikenso. Wa Sajeni sindingaupereke, lamulo silindilola kuuluka popanda iye, ndipo munthu wokhala pansi wopanda lamba sindinyamula." Anakulunga tepi pang'onopang'ono. "Malo ndi amodzi, bambo. Mundiuze."

"Ndingaifukate pamiyendo," anatero a Zomata.

"Sizitheka," anatero Sajeni motsitsa mawu.

"Kapena ndiime. Ine kuima ndinazolowera, tsiku lonse ndimaima."

Kunja wina anali atayamba kuchotsa zotchinga kumatayala. A Zomata anatulutsa kapepala ka bwana wamkulu, anakawerenganso, munthu mmodzi ndi katundu wake, ngati kuti mwina pawonjezeka mawu ena. Achemwali anati mwana uja abwere. Anamwino anati pokhapokha mpweya. Akapita iwo chimanjamanja, akakhala pambali pa bedi n'kumaonerera munthu akubanika. Ukapita mpweya, ndani akawagwire dzanja? Anafuna wina awalamule, monga mmene akhala akulamulidwira moyo wawo wonse, koma Kaputeni ndi Sajeni ankangodikira.

"Bweretsani malamba anayi," anatero pomaliza. "Ndimanga ndekha."

Anaimanga ndithu, pamwamba, pakati pawiri ndi pansi, n'kuigwedeza ndi mphamvu zawo zonse, osasuntha. Bulangete analipinda n'kuliika pakati pa chitsulo ndi khoma kuti zisakhulane. Kachikwama kawo, mmene munali juzi yatsopano ya achemwali ndi kapaipi kaja, anakapereka kwa Sajeni.

"Ndikaifikitsa ndekha mpaka pabedi," anatero Sajeni. "Ngakhale pamutu ndikasenza."

Injini italira a Zomata anatsika monga mwa masiku onse, koma tsiku limenelo anaiwala kutseka makutu. Anaima pakhomo la shedi mpaka ndege inasanduka kadontho. Kenako anayenda pang'onopang'ono kupita kugeti. Amake Mapasa anali akugwedezabe mpango kumwamba, kutsanzika mwamuna wake, ndipo atatsitsa maso n'kumuona akubwera wapansi anangoti kakasi.

"Nanga inu? Nanga m'ndegemo muli ndani?"

"Silinda."

Mayi uja anatsegula pakamwa kuti ayambe, ndipo mawu anali nawo okwana sabata. Koma anawaona mmene jekete linawalendewerera, anatseka pakamwa, n'kuwagwira pamkono.

Foni inalira cha m'ma thili koloko, ali khale pakhonde la kunyumba, nsapato asanavule. Anali mwana wa achemwali. Anati msilikali wina wabwera ndi silinda ija yekha pa wilibala, anamwino alumikiza, milomo ya amayi yasiya kuda ndipo amwako madzi. Za magetsi palibe akudziwa. Kenako anatsitsa mawu.

"Koma amalume, chifikireni silindayi akungoyang'ana kuchitseko. Ndawauza kuti simunabwere, sakundikhulupirira. Akuti mwaima panja, mukuchita manyazi. Lankhulani nawo."

Panamveka phokoso la nsalu, kenako kamluzu kosalekeza ka mpweya ukutuluka m'kapaipi.

"Iwe mwana."

"Achemwali."

"Uli kuti?"

"Ndili kuno, achemwali. Malo anali amodzi. Ndinaona kuti bola mpweya ubwere."

Anapuma kangapo asanayankhe, ndipo kupuma kwake kunali kwabwino, kofika pansi, a Zomata anakumva.

"Ndikupuma," anatero achemwali. "Wachita bwino, kapena. Koma ine ndinaitana iwe. Chitsulochi sichindidziwa."

"Ndibwera, achemwali. Kuli ndege ina."

"Mawa?"

"Lachitatu la sabata ya mawa."

A Zomata anawerenga masiku pa zala za dzanja limene linali pabondo, anafika pa chachitatu, tsiku lothera mpweya wa m'silinda, n'kulifumbata.

"Lachitatu ndi kutali, mwana iwe," anatero achemwali. "Usadule. Ine kulankhula kukunditopetsa. Lankhula iweyo, ndizimva."

Masiku awiri athunthu a Zomata anali atakonza zoti akanene atawagwira dzanja, za zidendene, za kabudula, za sukulu imene munthu anasiya chifukwa cha iwo. Anafunafuna poyambira, osapapeza. Chibwibwi cha paubwana, chimene chinatha zaka makumi anayi zapitazo, chinabwereranso.

"A-achemwali," anatero.

"Ndikumva."

"Achemwali."

"Eya, ndikumva. Pitiriza."